Tsamba Lomaliza la Bambo Ndowa

Lolemba, 8 Julaye

Andigoneka lero masana, wodi ya amayi ya maopaleshoni, bedi la pafupi ndi zenera. Kope ili andigulira achemwali anga a Mwanamisi, amene akundidikirira kuno. Akuti ndizilembamo zonena za madokotala poti mutu wanga ndi sefa. Ndine Ruqaya wa ku Ndirande, ndimagulitsa kaunjika wa ana mumsika. Ndalemba dzinali kuti kopeli likasochera lidziwe kwawo.

Matenda ndi chithokomiro. Chinayamba ngati kandimu ndili ndi pakati pa Madina, pano chafika ngati peyala, ndipo ndikagona chagada ndimabanika. Anditenga magazi timabotolo tiwiri. BP 138 pa 86. Mawa sikani ya pakhosi.

Ana salowa muwodi muno, ndi lamulo. Madina ndamusiya ndi bambo ake, a Hamis, ndi apongozi. Ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Pochoka sanalire, anali kalikiliki kuthira mchenga mu nsapato ya agogo ake. Wolira ndinali ine, mu minibasi, nkhope nditabisa mumpango.

Lachiwiri, 9 Julaye

Kuzizira kwake! Chiperoni chalowa mpaka m'mafupa, bulangete la boma ndi dzina chabe. Sikani yaonetsa kuti chotupa chili mbali zonse ziwiri, koma kumanja n'chachikulu ndipo chikukankha njira ya mpweya. Achotsa pafupifupi chonse. Ndikatuluka ndizimwa kapilisi kamodzi m'mawa uliwonse moyo wanga wonse.

Kumanja kwanga kuli mayi Malizani a ku Bangwe, a Mvano, chilonda cha shuga paphazi. Atha mwezi muno, amadziwa nesi aliyense ndi mudzi wakwawo womwe. Kumanzere kuli Tithokoze, mtsikana wa ku Machinjiri, anamuchita opaleshoni ya apendikisi ndipo bala likuchedwa kupola. Maso ake sachoka pa foni.

A Hamis abwera madzulo ndi mpunga, maso ali psuu. Akuti dzulo m'nyumba simunagonedwe chifukwa cha buku.

Bukulo linatuluka mu belo la kaunjika, pakati pa timasiketi. Ndi lachingerezi, la masamba olimba, ndipo tsamba lomaliza mwana wina wa kunjako anathothola kale. Muli chimbalangondo chonenepa chonyamula ndowa yofiira, chikuyenda khomo ndi khomo, pansi ponse poyera mbee. Chingerezi changa ndi cha mumsika, ndiye sindinadzivutitse nacho. Ndinangoyang'ana zithunzi n'kuyamba zanga. Chimbalangondo ndi Bambo Ndowa, mpopi wawo wauma ngati wathu. Zoyerazo ndi ufa umene unatayika pochokera kuchigayo. Pa khomo lililonse ine ndimagogoda pa tebulo n'kunena ndi mawu aakulu, "Odi kuno! Madzi akutuluka?" Madina amayankha, "Ayi, wauma!" Pa zenera la nyumba yachitatu pali kamphaka, ndipo sititembenuza iye asanakapatse moni. Tikafika pothothoka paja ndimatseka buku, iye amafunsa, "Apita kuti?" Ine ndimati, "Abwerera kwawo, mwana wawo akuwadikira pakhomo." Basi, iye n'kuomba m'manja, "Kachikena!" Kachikena ameneyu amatha kufika mpaka nsima kuzizira. Ndikatopa n'kutembenuza masamba awiri pamodzi, amandigwira ngati wapolisi wa pamsewu.

Ndiye a Hamis, poti anafika Fomu 4, anakhala pansi n'kuwerenga Chingerezi chenichenicho, mawu ndi mawu. Madina anawalanda buku n'kulikhalira. Akuti anangoti "Sichoncho," n'kuyamba kulira. Bambowo akudandaula kuti m'bukumo mulibe za mpopi, chimbalangondocho chikubwereka zinthu zokakongoletsera chidole cha matalala. Ndawauza kuti ameneyo ndi wa kwawo, wathu ndi wa ku Ndirande.

Lachitatu, 10 Julaye

Andilowetsa kawaya ka kamera pamphuno mpaka kukhosi n'kundiuza ndinene "iii". Misozi mbwee. Akuti zingwe za mawu zonse ziwiri zikuyenda bwino.

Kenaka adokotala, bambo wamtali wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda, anandijambulira papepala. Kuseri kwa chotupa kumadutsa kamtsempha kowonda ngati ulusi, ndiko kamayendetsa mawu. Nthawi zambiri amakalambalala bwinobwino. Nthawi zina kamakhudzidwa, mawu n'kusasa kwa milungu kapena miyezi. Mwa apo ndi apo sabwerera monga kale.

Achemwali atamva anati Ndirande ipumako. Ndinaseka nawo, poti n'zoona, ndikakuwa "Za ana! Za ana!" amandimva ali pa siteji. Koma mtima wanga sunapite kumsika. Ndinaganiza za kamwana kamene kakukhalira buku. Ndachita mantha.

Swala ya madzulo ya Magharibi itatha ndinaimba foni kunyumba. A Hamis anaiika pa laudi, Madina pamiyendo, buku m'manja. Ine silifunika kukhala pafupi, ndinaliloweza kuposa nambala yanga. Ndikati "Tembenuzani," bambo amatembenuza. Pogogoda ndimagwiritsa ntchito kabati ya pambali pa bedi. Nditamva "Ayi, wauma!" kuchokera m'foni, chifuwa chinamasuka. Tinabwereza mpaka a Hamis anapempha chifundo.

Nditadula ndinapeza kuti wodi yonse imamvetsera. Mayi Malizani anafunsa ngati madziwo anawapeza. Ndinati sindikudziwa, tsamba linathothoka. Anakhumudwa zenizeni, akuti munthu wamkulu ngati ameneyo kuzungulira mudzi wonse ndi ndowa youma si zinthu.

Lachinayi, 11 Julaye

Zotsatira za magazi zili bwino. Ekisileyi ya pachifuwa ili bwino. Opaleshoni mawa. Kuyambira pakati pa usiku osadya, osamwa. Ndasaina ndi dzanja langa. Walira mvula walira matope, ndine ndinapempha kuti achotse chinthuchi.

Madzulo tili pa khomo lachiwiri, Tithokoze anaiwala n'kuyankha "Wauma!" Madina asanayankhe. M'foni munamveka kamawu kolusa, "Osati iwe!" Wodi yonse inafa nako kuseka, mayi Malizani mpaka kugwira phazi. Tithokoze anapepesa ngati walakwira bwana.

Nesi Faith anatipeza pa kamphaka ali ndi trole ya mankhwala. Ndinaganiza kuti andikalipira. Anaima pomwepo mpaka Bambo Ndowa atabwerera kwawo, kenaka anati mawa lake tiziyambako msanga, mankhwala asamadikire chimbalangondo.

Lachisanu, 12 Julaye

Ndavala chimkanjo chobiriwira kuyambira m'mawa, njala ili tho, milomo gwa. Masana akuti kwachitika ngozi ya lole, thiyeta yadzaza, ine andisunthira Lachiwiri. Ndinapsa mtima, ndinalalatira achemwali osalakwa chifukwa cha tiyi wozizira. Kenaka ndinaona anthu a ngozi aja akuwadutsitsa pakhonde, ndinatseka pakamwa.

A Hamis atachoka ku mzikiti ku swala ya Juma anabwera ndi nkhuku ya apongozi. Tagawana mabedi atatu. Mayi Malizani akuti shuga wawo sadana ndi nkhuku. A Hamis akuti Madina akumanyamula kandowa kake kosewerera n'kumagogoda pa zitseko za aneba, ndipo mayi wina wosadziwa anamuthiriramo madzi. Anabwera kunyumba akulira, poti yankho lake si limenelo.

Loweruka, 13 Julaye

Ndachita chinthu chimene achemwali sanakondwe nacho. Ndapita kumapeto kwa khonde, kumene kulibe phokoso, n'kujambula nkhani yonse mu foni, kuyambira pa ndowa mpaka pakhomo. Ndinasiya timipata toti Madina aziyankhapo. Ndatumizira a Hamis kuti asunge, asamuyatsire pokhapokha zitavuta.

A Mwanamisi akuti ndikudziitanira tsoka, munthu sasoka nsanda ali moyo. Ndinati achemwali, ngakhale ambulera timagula kusanagwe mvula. Masana ndinawaona akumvetsera nkhani yojambulayo pa foni yanga, atatembenukira kukhoma.

BP 142 pa 90. Akuti ndichepetse maganizo, ngati kuti ali ndi pozimitsira.

Lamulungu, 14 Julaye

Makwaya atatu lero, imodzi ikutuluka ina ikulowa. Amayi a Mvano anzawo a mayi Malizani anapempherera bedi lililonse, langa lomwe. Ndinatambasula manja, dua ndi dua.

Mayi Malizani anandifunsa ngati sindimatopa ndi nkhani imodzimodzi. Ndinati ndimatopa kwabasi, ndinagulapo mabuku ena awiri okongola, a masamba onse, koma ali pansi pa bedi. Iwo anati mwana wawo Lucius ali wamng'ono ankakana kudya ngati mbale si yabuluu ija, pano ali ku Joni ndipo amaimba foni pa Khirisimasi pokha. Anati nditope bwino, ndizitopa ndikuthokoza.

Lolemba, 15 Julaye

Osadyanso kuyambira pakati pa usiku. Dokotala wogonetsa anthu pa opaleshoni anabwera kudzandiona mano ndi khosi. Andilemba woyamba m'mawa.

Lero sindinafulumire, ndipo "Kachikena" aliyense ndinamuvomera. Amene anatopa ndi Madina mwini wake. Ndinamva akuyasamula, kenaka a Hamis ananong'oneza kuti wagona chala chili pa kamphaka. Sitinadule msanga. Anangoti, "Mayi a Madina, Insha Allah." Ndinati Insha Allah.

Lachitatu, 17 Julaye

Ndili moyo. Alhamdulillah. Khosi ngati ndameza lumo. Mawu palibe.

Lachinayi, 18 Julaye

Dilipi kumanzere. Kapaipi pakhosi kotulutsa magazi otsalira, akachotsa mawa. Jakisoni wa ululu m'mawa ndi madzulo. Zala ndi milomo zikuchita dzanzi, akuti kashiamu watsika m'magazi, ndikumwa mapilisi awiri katatu patsiku. Phala lamadzimadzi, ndikamwa mofulumira ndimatsamwa. Koma ndagona chagada osabanika, koyamba pa zaka ziwiri.

Kawaya kaja analowetsanso. Chingwe cha mawu chakumanja sichikuyenda. Adokotala akuti kamtsempha sikanaduke, anakaona ndi maso awo, koma chotupa chinali chitakakuta ndipo kanakokeka. Tidikire. Mwina milungu, mwina miyezi. Ndisakakamize, ndizilankhula pang'ono kwambiri. Ndinalemba m'kope muno kuti, abwerera? Anawerenga, anati chiyembekezo chilipo chachikulu koma sangalumbire.

Ndikatsegula pakamwa pamatuluka mpweya wokha, ngati tayala lophwa. Achemwali sanabwerezenso nthabwala ya Ndirande ija.

Lachisanu, 19 Julaye

Kapaipi achotsa. Dzanzi lidakalipo, sanditulutsa mpaka kashiamu akhazikike.

Nkhani yojambula mu foni ija yakanika. A Hamis anakhala m'mphepete mwa bedi akundifotokozera, maso ali pansi. Tsiku loyamba Madina anasangalala kumva mawu anga. Koma atafika pa kamphaka anafuna kukauza kuti kadye, ndipo mawu anga anangopitirira. Anakuwa kuti ndidikire, ine wa m'foni osadikira. Anaitana "Amama," ine ndili pa khomo lachinayi. Anayesa kawiri. Kenaka anauza bambo ake kuti amama sakumva, n'kutsika pamiyendo.

Dzulo sanafunse buku. Apongozi analipeza mu ndowa ya makala, analipukuta, iye analibwezeramo. Akudya, akusewera, koma madzulo amangokhala pakhomo chala chili m'kamwa.

Ndinali wokonzeka kumva kuti akulira. Izi zakuti wasiya kufunsa zandipweteka kuposa bala. Ndalira, ndipo ngakhale kulirako kulibe mawu.

Loweruka, 20 Julaye

Mayi Malizani anandiona ndikulira dzulo. M'mawa uno anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, nkhaniyo aimva kokwanira, atha kuimba ngati nyimbo ya m'buku. Iwo akhala Bambo Ndowa, Tithokoze aziti "Tembenuzani," ine ntchito yanga kugogoda. Tinayeserera masana. Mawu awo aakulu anali ngati a m'busa wa pamaliro, ndinachita kuwalembera kuti achepetseko ulemu. Pa kamphaka ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti DIKIRANI.

Madzulo a Hamis anatulutsa buku mu makala. Ndinagogoda pa kabati. Mayi Malizani anati, "Odi kuno! Madzi akutuluka?" M'foni munamveka kamawu kakang'ono, "Wauma." Tithokoze anandifinya dzanja. Khomo lachiwiri chimodzimodzi. Pa kamphaka tinadikira, anakapatsa moni, anakafunsa ngati kasamba.

Tinafika pothothoka. Tinamva buku likutsekedwa. Madina anafunsa, koma sanafunse za Bambo Ndowa. Anati, "Amama apita kuti?"

Mayi Malizani anandiyang'ana. Ine ndinatsegula pakamwa, mpweya wokha. Ndinagogoda pa kabati, ndinagogodanso, ngati wamisala. Anali a Hamis amene anayankha kuti amama ali pompo, ndi amene akugogodawo. Koma "Kachikena" sanabwere.

Nesi Faith anali pa chitseko ndi trole yake. Atandipatsa mapilisi anati lamulo likuletsa mwana kulowa, koma sililetsa wodwala woyenda yekha kukaothera dzuwa pa benchi ya kuseri kwa wodi nthawi ya alendo. Anati ndivale mpango pakhosi, kunja kuli mphepo.

Lamulungu, 21 Julaye

Kashiamu wakwera pang'ono. Dzanzi latsala kumilomo kokha. Akapitirira chonchi, Lachiwiri kunyumba, kenaka kubwera ku kiliniki pakatha milungu iwiri kudzaona mawu.

Ndinasamba, achemwali anandipaka wanja m'maso, ndinamanga mpango wabuluu umene Madina amaudziwa. Dzuwa linatuluka. Ndinakhala pa benchi mtima ukugunda ngati tsiku la nikaha, ukwati wanga.

Madina anatulukira pakona atanyamulidwa ndi bambo ake, juzi yofiira yopindidwa manja, ya mu belo langa lomwe. Bambo anamutsitsa. Sanandithamangire. Anagwira thalauza la a Hamis n'kumandiyang'ana ndi diso limodzi. Ndinatambasula manja, osatha kumuitana. Mwana wanga womubereka ndekha kundiyang'ana ngati mlendo! Ndinafuna kulowa pansi.

A Hamis anatulutsa buku mu jumbo, makona ake akuda ndi makala, n'kuliika pa benchi. Ndinalitsegula pa tsamba loyamba n'kugogoda pa thabwa. Madina anasuntha pang'ono. Ndinagogodanso. Anabwera, anakwera yekha, anakhala pamiyendo panga chammbali ngati munthu woti achoka posachedwa. Anakweza mpango n'kuona bandeji. Anafunsa bambo ake ngati ndi bala, iwo anati eya, mawu a amama akudwala. Anauzira pa bandejipo, fuu, monga ndimachitira iye akagwa.

Kenaka anakoka buku n'kuliika pa maondo ake. Anagogoda yekha pa benchi. Anatupitsa masaya n'kunena ndi mawu aakulu a Bambo Ndowa, "Odi kuno! Madzi akutuluka?" N'kundiyang'ana. Ndinapukusa mutu. Anavomera, anatembenuza. Abale, mwana ameneyu anali nazo zonse, ufa wa kuchigayo, kupuma kumene ndimapuma, ngakhale kakutsokomola kamene ndinkachita chifukwa cha chotupa, nayenso anatsokomola pamalo pake. A Hamis anatembenuka n'kumayang'ana magalimoto. Pa zenera la wodi ndinaona mitu itatu, wa mayi Malizani, wa Tithokoze ndi wa achemwali.

Anafika pothothoka. Anatseka buku. Apa sananene mbali yanga. Anatembenuka, anandigwira masaya ndi manja onse awiri, anafunsa, "Apita kuti?"

Adokotala anati ndisakakamize. Sindinakakamize. Ndinaika pakamwa pa khutu lake n'kutulutsa zimene zinalipo, kampweya kokhala ndi timawu ngati ta munthu wakutali. "Abwerera kwawo. Mwana wawo akuwadikira pakhomo."

Anamvetsera, khutu lili pa milomo yanga. Kenaka anatembenuza mutu wanga, anaika kamwa lake pa khutu langa, nayenso n'kunong'oneza.

"Kachikena."

Belu la alendo linatipeza tidakali pa benchi. Nesi Faith anasuzumira pakhomo, anayang'ana wotchi, n'kubwerera m'kati. Mapilisi a masana ndamwa mochedwa.